Rota ya Lamulungu

"Yamaliza?" anafunsa a Wilbroad, akusuzumira laputopu ya Dyna, mnzawo wa pa nyumba yosamalira okalamba ku Ilford.

"Ikuwerengabe," Dyna anayankha akugogoda tebulo.

Masabata asanu otsatizana Dyna ankaikidwa pa shifiti ya Lamulungu. Atakalipa, manejala anamuuza kuti abweretse yekha rota yachilungamo, ndandanda wa ogwira ndi opuma, isanakwane 2 koloko. Ndiye analemba pulogalamu ya pa kompyuta m'chiyankhulo cha Python, chimene anadziphunzitsa m'basi, yoyesa rota iliyonse yotheka.

"Tilipo makumi anayi, aliyense agwire kapena apume," anatero a Wilbroad, amene kale ankaphunzitsa masamu ku Chipata. "Tachulukitsa ma 2 okwana 40, mwanawe."

Panatuluka nambala yopitirira thiriliyoni.

"Marota onsewo pa kalaputopu aka? Tikumana pa Khirisimasi."

Dyna anatsonya. Anafufuta mayina ena, n'kusiya anthu khumi ndi awiri a gulu lake. Ma 2 okwana 12 atachulukitsidwa anangokhala 4,096, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo.

Rotayo inaonetsa kuti Lamulungu likubwerali Dyna agwiranso. Opuma anali a Wilbroad, amene anali atagwira masabata khumi osadandaula.

"Ukapereka, kapena ndikapereke ndine?" anafunsa a Wilbroad.