Ukwati Umene Unapanikizika pa Waya Wowonda

Panali munthu wina amene ankayang'anira makompyuta pa hotela ina. Anzake ankamutcha Katswiri, ndipo dzinali ankalikonda kuposa lake lenileni.

Mlongo wake atapeza banja, Katswiri anawapezera holo ya pahotelapo kuti ukwati uchitikire momwemo. Koma mayi a mkwati anali atathyoka mwendo, ali gone m'chipatala kutali. Mwana wawo anali yekhayo, ndipo analira pafoni kuti ukwati uwapita.

"Pukutani misozi mayi," anatero Katswiri. "Mudzaonera zonse pafoni ngati muli pampando wakutsogolo. Zimenezo ndisiyireni ine."

Hotelayo inali ndi njira ziwiri zotulukira ku intaneti. Yakale, yowonda, inkalowera pa rauta, kachipangizo kolondolera mauthenga a intaneti, ya pafupi ndi holo. Yatsopano, yamphamvu, inkalowera kunyumba yakuseri, kudutsa marauta ena awiri. Marauta amauzana okha njira zonse zimene akuzidziwa, ndipo njira iliyonse imakhala ndi nambala yake. Ya nambala yochepa ndiyo imasankhidwa. Katswiri anapatsa njira ziwiri zakunjazo nambala yofanana, mumtima akuti katundu wa zithunzi ndi mauthenga agawanika pakati.

Abwana ake, mayi amene anamuphunzitsa ntchitoyo, anaziona akunyamuka kupita kutchuthi.

"Achimwene, nambala zakunja zikafanana chonchi, rauta sithamangira kugawa. Imayamba yayang'ana khomo limene lili pafupi mkati muno, n'kutumiza zonse kumeneko. Imagawa pokhapokha mtunda wamkatinso ukafanana. Tsitsani nambala ya njira yatsopanoyo, ndipo muyese alendo asanabwere."

"Ndamva mayi, pitani mukapume."

Nambala sanatsitse, netiweki sanayese. Anapita kukayesa suti.

Tsiku la ukwati holo inadzaza. Katswiri anaimika kamera, kenako anatenga maikolofoni n'kuuza alendo onse kuti wayifayi ndi yaulere, atumize zithunzi mmene angafunire. Anthu sanachedwe. Marauta nawo anachita monga abwana ananenera: zonse zinakhamukira pakhomo lapafupi, pamene njira yamphamvu ija inkangowodzera kuseri.

Kuchipatala, manesi ndi odwala anzawo anali atazungulira bedi la mayi a mkwati. Nthawi yovekana mphete itangokwana, chithunzi chinaima. Chinaima kamera ili pa malume a mkwatibwi, bambo andevu zambiri, akuyasamula kukamwa konse.

Foni ya Katswiri inalira.

"Mwanangu," anatero mayi a mkwati, "mpongozi wangayo wamera ndevu liti?"

Manesi ankamveka akuseka, koma mayiwo sankaseka nawo. Katswiri atakweza maso anapeza mkwati akumuyang'ana, mphete ili kale kuchala. Mlongo wake anamukodola.

"Achimwene, amayi aona?"

Katswiri anathamangira kuchipinda cha makompyuta, tayi ili paphewa, n'kuimbira abwana ake.

"Nambala ija munatsitsa?" anafunsa iwo asanapereke ndi moni womwe.

"Mayi, mudzandikalipire mukabwera. Panopa ndithandizeni, ndathedwa nzeru."

Abwanawo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamutsogolera. Katswiri anasintha nambala imodzi yokha. Marauta anauzana, katundu yense anakhotera kunjira yamphamvu, ndipo kuchipatala malume aja anatseka pakamwa.

Koma mphete zinali zitavekedwa kale. Katswiri analowa mu holo thukuta lili kamukamu, anapita kwa abusa n'kuwanong'oneza zonse, osabisa kuti wolakwa ndi iye. Abusa anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Chiyambireni ntchitoyi sindinakwatitsepo anthu kawiri tsiku limodzi," anatero pa maikolofoni. "Koma pali mayi amene sanaone. Ana inu, vulani mphetezo."

Holo yonse inafa nako kuseka. Mkwati anayang'ana mu kamera nati, "Amayi, mukundiona?"

"Ndikukuona mwanangu! Kolala yako yapindika!"

Mkwatibwi anamuwongolera kolalayo, ndipo anavekananso mphete pang'onopang'ono. Kuchipatala mayi aja analira, anaseka, odwala anzawo anawomba m'manja mpaka dokotala anabwera chothamanga poganiza kuti wina wagwa pabedi. Atamuuza nkhani, nayenso anakoka mpando n'kukhala mpaka kudula keke.

Phunziro: Njira ziwiri zikaoneka zofanana, usaganize kuti makina asankha imene iwe ukuifuna mumtima, iwo amatsata malamulo awo. Amene anakuphunzitsa ntchito akakuchenjeza, mvera, ndipo yesa zinthu usanalonjeze munthu amene akukudalira. Si onse amene amapeza abusa ololera kubwereza. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, makamaka aja okonda kunena kuti "ndisiyireni ine".