Kamuvi Kali Pofiira

Chitunda chisanafike n'pakati pomwe, Reinford anali atatsitsanso giya. Lole yake inali yodzaza feteleza, ndipo kumbuyo inkakoka ndi tcheni galimoto yakufa ya anyamata a chipani amene anamuimitsa pamlatho m'munsi muja. Masiku amenewo munthu sunkakana. Unkangoti chabwino bwana, mtima ukulira.

Mkulu wa anyamatawo, a Felton, anakhala naye kutsogolo, nsapato zawo zili waliwali. Pamlatho paja anali atadzitama mokweza, amayi ochapa akumva, kuti akukanyamula Gideoni, kalipentala wa kuseri kwa chitundacho, kufupi ndi Malomo, chifukwa chokana kugula khadi ya chipani. Sankadziwa kuti Gideoniyo ndi mng'ono wake wa dalaivala, bere limodzi. Mwa amayi ochapa aja munali Marita, mkazi wa Gideoni. Reinford anachita ngati sakumudziwa, ndipo mayiyo anasiya zovala pamwala n'kulowa m'chimanga.

Tangoganizani inu, kukoka ndi manja ako anthu okamanga m'bale wako. Zinamuwawa Reinford, koma akanatani?

"Pondani moto, adalaivala," anatero a Felton.

Reinford analoza geji ina pafupi ndi chiwongolero. Anafotokoza mwaulemu kuti imeneyo imayeza kutentha kwa utsi wotuluka mu injini. Ukakoka katundu wolemera pachitunda n'kumaponda moto, kamuvi kamakwera, ndipo kakafika pofiira tebo, chipangizo chopopera mpweya mu injini, imapsa, injini n'kufera pomwepo. Mankhwala ake ndi giya yaing'ono ndi phazi lopepuka, basi. A Felton anasuzumira. Kamuvi kanali pofiira penipeni.

Reinford anawapempha kuti amasule galimoto yakufayo kuti lole ipepukidwe. A Felton anati galimoto ya chipani siisiyidwa patchire. Za kuyenda pansi, anangoyang'ana nsapato zawo n'kuyang'ana matope, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lole inkakwawa. Bambo wina wokankha njinga ya nkhuni anawapitirira, kuwapatsa moni wake bwinobwino. Anyamata kumbuyo anayamba kutukwana. Pakhona ina Reinford anaima, n'kutsika kukaika miyala kumateyala, injini ikulirabe pansipansi. Iye atakweranso, a Felton analamula kuti aizimitse kuti izizire msanga. Iye anapepesa kuti tebo yotentha ukaizimitsa mwadzidzidzi waipha, chifukwa oyilo amapserera mkati. Iyenera kulira yokha mpaka itapuma.

"Tikakapeza munthu uja atathawa, m'malo mwake tinyamula inu," anatero a Felton, mawu ali pansi.

Thukuta linayenderera m'khosi mwa Reinford. Khomo linali pambali pake pomwepo, koma kothawira kunalibe. Anakhala choncho awiriwo, maso pakamuvi, dzuwa likusuntha. Kamuvi osatsika ngakhale pang'ono. Mapeto ake ananyamuka chokwawa chomwecho.

Kwa Gideoni anapeza chitseko chili pululu, moto ukufuka, mpando wosamaliza kukhoma uli pabwalo. Anyamata anafuna kumugwira Reinford pamalaya, koma a Felton anawaletsa. Iwo anali atadzionera okha ndi maso awo, anatero, injini inali pafupi kupsa, ndipo dalaivala wina wopusa akanawagoneka patchire. Anamasula tcheni kwa makaniko pa Malomo n'kumuuza kuti azipita.

Reinford anakatsitsa feteleza. Pomaliza ntchitoyo injini inali itazizira moti anagwira paipi ya utsi ndi dzanja. Atakwera, anagogoda geji ija ndi chala. Kamuvi kanali pofiira pomwe paja, pamene kanaima dzinja lathalo makoswe atadya waya wake. Chiyambire nthawi imeneyo iye ankayendera khutu, ndipo tsiku limenelo injini inali isanadandaule n'kamodzi komwe.