Ndani Wadya Nkhanu ya Salvador?

Salvador anaika chidebe patebulo m'chipinda cha aphunzitsi, napisamo dzanja mwamantha. Nkhanu yake sinamupane. Anaitukula ili zii, yopepuka ngati khoko la mtedza.

Anali ataigwira masiku atatu apitawo mumtsinje wa kumadimba ku Lifidzi, naisunga m'chidebe m'chipindamo, ataiikira madzi pang'ono ndi mwala woti izibisalako. Tsikuli ainsipetola oyendera sukulu, Dona Yolanda, amabwera kuchokera ku Ulongwe kudzaonera phunziro lake la thupi la nkhanu. Phunzirolo ndilo linali loweruza ngati ntchito ikhalabe yake chaka chamawa. Buku sanalitsegule n'komwe. Munthu wokulira kumtsinje angawerengerenji za nkhanu?

Zonse zinalipo: miyendo isanu ndi itatu, zopanira ziwiri, ngakhale timaso. Koma kumbuyo chigoba chinali chong'aluka, ndipo m'kati munalibe ngakhale kanyama kotsalira m'mano.

Salvador anapsa mtima. Wakubayo sanavute kumupeza. Justino, mphunzitsi mnzake, anali chikhalire pakona, akutokosa m'mano ndi kamtengo. Munthu ameneyu sankasiya kanthu koyenda: mbewa, ngumbi, ziwala, zonse zinkathera m'mimba mwake. Ndiyenso ankatsegula chipindacho m'mawa uliwonse. Komanso malo a ntchito anali amodzi, owafuna awiri.

"Apulofesolo, mwaiyamwa bwanji osathyola ngakhale mwendo umodzi?" anafunsa Salvador.

"Ine ndadya chimanga chootcha, achimwene," anayankha Justino, osachotsa kamtengo pakamwa.

Mkangano uli m'kati, Dona Yolanda analowa. Salvador sanawapatse ndi mpando womwe. Anawaonetsa chigobacho, nayala mlandu wonse: nkhwidzi, umbombo, chiwembu. Anafika mpaka poika mlomo wake pamng'alu paja, kuonetsa mmene mnzakeyo anayamwira.

Mayiwo anamvetsera mofatsa mpaka kumapeto.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Apulofesolo," anatero. Anatenga buku la Salvador, napukuta fumbi, natsegula tsamba la phunziro la tsikulo. Anawerenga mzere woyamba mokweza: "Nkhanu ikamakula imafundula, n'kusiya chigoba chakale chili chathunthu."

Kenako ananyamula mwala m'chidebe muja. Pansi pake panali nkhanu yamoyo, yofewa ngati tomato wakupsa, yonenepa kuposa kale, ikumuyang'ana Salvador ndi timaso take tatsopano.