Mafuta a Radovan Athera mu Ajivari

"Amayi, botolo langa lili kuti?" anakuwa Radovan ali m'chipinda chapansi. Mpikisano wonyamula zitsulo unali pafupi, ndipo mankhwala odzibaya okulitsa minofu, amene anasakaniza yekha, anawabisa kozizirako pakati pa zakudya zosungira nyengo yachisanu.

"La mafuta lija?" anayankha mayi ake, a Milka. "Ndinathira pamwamba pa ajivari, phala langa la tsabola, kuti lisawonongeke."

"Mayo ine! Wadya ndani?"

"Ndinagawira amayi akwaya. Ukulira chiyani, chimunthu chonsecho? Mafuta okhawo?"

Lamlungu amayiwo atangoyamba nyimbo, mawindo a tchalitchi ananjenjemera ndi mawu awo a besi. Wansembe, amene anali atafulatira anthu kuguwa, anagwetsa misozi.

"Mwandiyankha, Ambuye," ananong'ona. "Azibambo abwerera kutchalitchi!"