Balaza la Ba Humphrey Linali M'mafoni a Anthu

Panali bambo wina ku Kamushanga, m'tauni ya Kabwe, dzina lake Humphrey Sakala. Omwe amamudziwa akuti nkhaniyi inachitikadi. Anali munthu wofuna kudziwa chilichonse: wailesi ikafa ankaimasula yekha kuti aone zam'kati. Atapuma pantchito ya njanji anayamba kumanga nyumba, ndipo ankafuna kompyuta imodzi yaikulu m'kachipinda kapakati, mawaya n'kuchokera pamenepo kufika chipinda chilichonse. TV, intaneti ndi makamera achitetezo, zonse ziziyendetsedwa pamalo amodzi.

Mlamu wake Lyness, mng'ono wa mkazi wake Norah, ankagwira ntchito yoika mawaya a makompyuta m'maofesi. Anabwera kudzaona nyumbayo makoma asanapakidwe pulasitala.

"Bamulamu, pulani ni yabwino," anatero Lyness. "Koma yambani mwaika mapaipi mu chipupa, mawaya azipita mukati. Mujambule papepala kwamene waya uliwonse uyenda. Makamera akhale panja chabe, na pasiwedi muziiziba imwe na ba sisi. Nilindileni mwezi umozi, nisilize nchito ku Ndola."

Humphrey anaona kuti mwezi watalika. Pashopu ina yamafoni m'tauni anakumana ndi munthu wina wolankhula mokoma, dzina lake Kingstone.

"Mudala, vamapaipi ni vakudala," anatero Kingstone. "Ine masiku atatu chabe nasiliza."

Anakwiriradi mawaya onse mu simenti. Anaika makamera panja, ina n'kuiika pabalaza, akuti yoonera adzukulu, akuluakulu akachokapo. Za pasiwedi anati, "Musavutike nayo, nizasunga ine. Chikavuta munitumile foni."

Banja linasamukira m'nyumbamo ndipo zonse zinkagwira bwino. Mlendo aliyense Humphrey ankayamba wamulowetsa m'kachipinda kaja asanamupatse ndi madzi omwe.

Kenako kunayamba zodabwitsa. Mayi wina wogulitsa tomato ku Katondo, yemwe Norah sankamudziwa n'komwe, anamufunsa, "Makatani anu aja ayelo munagula kuti?" Lamulungu lina Misa itatha, bambo wina anagwira Humphrey dzanja n'kuseka. "Mudala, mumavina bwino mukasala mweka!" Humphrey anaseka nawo, koma njira yonse ankadzifunsa kuti wamuona ndani.

Tsiku lina mwana wawo Natalie anabwera akulira. Anakhala pabalaza n'kuuza makolo ake kuti wachoka kwa mwamuna wake. Anagwirizana kuti asauze munthu mpaka ankhoswe akumane. Pasanathe masiku atatu, nkhaniyo inali itafika kale ku mphakati wawo wa tchalitchi, pamodzi ndi mawu enieni amene Natalie analankhula.

"Ndimwe munakamba kuli bazimai banzanu!" anakalipa Humphrey.

"Ine? Simwe mumapita kumwa na banzanu?" anayankha Norah.

Anasiya kulankhulana. Koma Humphrey sanakhale pansi. Anazungulira nyumba kuyang'ana mapazi pansi pa mawindo. Anatsegula wailesi pabalaza n'kukaima kumpanda kuti amve ngati mawu amafika kwa aneba. Sanapeze kanthu.

Yankho analipeza m'minibasi. Anakhala pafupi ndi woyang'anira akaidi wina wa kundende ya Mukobeko, yemwe ankaonetsa mnzake foni.

"Ona, ni vamene nifuna kunyumba kwanga," ankatero bamboyo. "Wamene amaika ivi ananipasa pasiwedi kuti nione mwamene vimasebenzela. Aliyense wofuna kumupasa nchito amamupasa. Manje ise timaonelela monga filimu. Aba bamai na bamudala babo sibakambisana, iyi ni wiki yachibili."

Humphrey, monga mwa chizolowezi chake, anasuzumira. Anaona sofa yake. Anaona Norah atakhala yekha, korona ili m'manja, akupukuta misozi ndi chitenje.

"Ni bangati bali nayo iyi?" anafunsa Humphrey.

"Ah, ni bambili. Kwathu chabe tili basanu." Bamboyo anatembenuka, anamuyang'anitsitsa Humphrey, kenako anagwira pakamwa. "Mayo! Ndimwe ba mudala bovina!"

Humphrey anatsika asanafike pa siteshoni, anathamangira kunyumba n'kukazula mapulagi onse m'kachipinda kaja. Kenako anagwada pamaso pa mkazi wake n'kumuuza zonse.

Norah sanakuwe. Anangofunsa kuti, "Batate ba Natalie, iyi nyumba munamangila ine, kapena Kabwe yonse?" Analongedza chikwama, anatenga Natalie, n'kupita kukakhala kwa achibale ku Katondo.

Foni ya Kingstone sinalowenso, ndipo Humphrey anakaisiya nkhaniyo kupolisi. Lyness atabwera anafunsa pepala losonyeza mmene mawaya anayendera. Panalibe. Panalibenso wodziwa ngati kunali kamera ina yobisika. Lyness anachita kugumula pulasitala chipinda ndi chipinda, m'nyumba yosatha n'chaka chomwe, ndipo m'khonde lopita kuchipinda chogona anapezamo ina imene Humphrey sankaidziwa.

Norah anabwerera patatha miyezi iwiri. Natalie anakana, anasamukira ku Kapiri chifukwa chotopa ndi kulozedwa zala pamsika. Mpaka lero, banjali likakhala ndi nkhani yaikulu limatuluka m'nyumba yawoyawo n'kukakambirana kuseri, m'dimba, pakati pa mizere ya ndiwo za repu.

Phunziro: Pomanga nyumba, za mawaya ndi makompyuta zikonzeni makoma asanatsekedwe, ndipo mverani amene akuidziwa ntchitoyo ngakhale akuchedwetseni. Pasiwedi ndi kiyi wa nyumba yanu. Simungasiyire kiyi munthu amene mwangokumana naye pashopu. Tumizirani nkhaniyi abale ndi anzanu onse amene akumanga, aiwerenge asanapake pulasitala.