Mafuta Abwino a Bambo Mackford

A Mackford anamenyetsa pepala patebulo la dokotala. Chala chawo chachikulu cha kuphazi chinali chitada bii.

"Chaka chatha munalemba nokha apa kuti mafuta abwino m'magazi mwanga ndi ambiri. Lero mukufuna kundidula chala?"

"Ndi ambiridi," anatero dokotala, "koma fodya wawafoola. Sakuyeretsa mitsempha, ndiye magazi sakufika kuphazi."

"Bodza. Chinthu chingakhalepo koma osagwira ntchito?"

Akazi awo, mayi Ada, anasolola ndudu m'thumba la malaya a bambowo n'kuithyola pakati.

"Mukufunsa inuyo? Zaka makumi awiri jekete yanu inkatandala pampando mu ofesi ku City Centre, eniake muli pa bawo ku Area 1. Sainani, adule."