Lorenso Anasiya Omuonera Ake

Panali munthu wina ku Nchalo, dzina lake Lorenso, wodula nzimbe ku esiteti. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti zinachitikadi.

Loweruka lililonse masana Lorenso ankasewera gemu ya mpira pa TV ya m'shopu yometera ya mnzake Witness, n'kumaonetsa layivi pa Fesibuku. Kusewera kwake sikunali kodabwitsa ayi. Anthu ankamukondera pakamwa. Ankaulutsa gemuyo m'Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, kutchula maina a omuonera, kuwaseka timu yawo ikachinyidwa. Anzake odula nzimbe, asodzi a ku Elephant Marsh, achibale a ku Nsanje, onse ankadikira Loweruka.

Tsiku lina munthu wosamudziwa anamulembera uthenga. "Achimwene, mukudzichedwetsa. Akatswiri saonetsa pa Fesibuku. Kuli tsamba la magemu okhaokha, oonera ake ndi akunja. Bwerani kuno, muziyankhula Chingerezi."

Lorenso mutu unakula pompo.

Mkazi wake Otilia anati, "Bambo a Symon, anthu anuwa amagula bandulo ya Fesibuku yokha. Tsamba linalo pa mafoni awo silitseguka n'komwe. Akutsatirani bwanji?"

"Za magemu suzidziwa iwe."

Witness nayenso anayesa. "Shamwali, yambani mwaonetsa konse kuwiri, muone komwe kuli anthu."

Koma kodi Lorenso akanamva? Anapanga layivi yotsanzika. "Wondifuna anditsate. Ndatopa kuseketsa anthu osadziwa gemu." Atatero anafufuta tsamba lake la pa Fesibuku lomwe analimanga zaka ziwiri. Palibe anamukakamiza, anafufuta yekha ndi chala chake.

Loweruka loyamba ku tsamba latsopanolo anamuonera anthu awiri. Wina analemba m'chiyankhulo chosadziwika n'kutuluka. Winayo anali mkulu uja wa uthenga, amene anangoti, "Munditsate kaye, muuzenso anzanu anditsate." Kenako osaonekanso. Kani ankangosaka anthu oti achulukitse omutsatira iyeyo.

Tsambalo linkafuna netiweki yamphamvu, ndiye chithunzi chinkangoima osewera ali m'malere. Chingerezi nachonso chinamuuma pakamwa. Munthu amene ankagwetsa anthu ndi phwete anatsala ndi mawu atatu basi, kumangowabwereza. Anapirira Maloweruka anayi akuyankhula yekha, mpaka ometetsa m'shopumo anayamba kupempha kuti pa TV aike nyimbo.

Apo n'kuti Esinala, mlongo wake wa Witness yemwe amaluka tsitsi m'shopu yomweyo, akulandira mafunso tsiku ndi tsiku. "Nanga mpira wathu uja?" Loweruka lachisanu Lorenso sanabwere chifukwa cha manyazi. Esinala anatenga chosewerera, anaimika foni, n'kuyamba kuulutsa m'Chisena pa Fesibuku. Anachinyidwa zigoli zisanu n'chimodzi, koma anthu anaseka mpaka misozi. "Pyadidi, mlongo, musasiye," analemba msodzi wina pomuyamikira m'Chisena.

Patatha mwezi Lorenso anabwera atavula chipewa.

"Shamwali, ndatsegula tsamba lina pa Fesibuku. Ndibwerekeni TV Loweruka."

Witness sanasiye n'kumeta komwe. "Loweruka ndi la Esinala tsopano. Mpata ulipo Lachiwiri m'mawa."

Lachiwiri m'mawa aliyense amakhala ali m'munda wa nzimbe, kuphatikizapo Lorenso mwini wake.

Phunziro: Anthu amaonera komwe foni yawo ikufika ndiponso komwe akumva chiyankhulo chawo. Musanyoze amene anakukwezani chifukwa cha mawu a mlendo yemwe ngakhale nkhope yake simukuidziwa. Tumizirani anzanu onse opanga layivi, ena azimve asanafufute tsamba.